Nsomba zogona mumchenga: zolemba za thanki yanga ya madzi amchere ku Harare

6 Epulo

Lero thanki yakwanitsa miyezi isanu chiithirireni madzi. Ndaganiza zoyamba kulemba zonse pamalo amodzi, chifukwa timapepala tomwe ndakhala ndikulembapo tikungosowa m'nyumba muno, komanso abale angapo akhala akundifunsa kuti zikuyenda bwanji.

Thankiyo ndi ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi ndi 50 kupita m'mwamba, ndiye kuti malita 300. Pansi pake pali kathanki kena komwe ndinaikamo skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa ntchito thovu), hita ndi pampu yokweza madzi. Mkati muli miyala, makorali ofewa ochepa (zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati zomera), nkhono khumi ndi nsomba ziwiri zotchedwa clownfish zomwe zinasankha kale kona yakumanzere. Mchere uli pa 1.025 (muyeso wa kulemera kwa madziwa poyerekeza ndi madzi opanda mchere), kutentha madigiri 25.

Ine ndinakulira ku Monkey Bay. Nsomba zokongola ndinazidziwira pamiyala ya ku Thumbi ndi ku Otter Point, mbuna zabuluu zikundijompha zala polimbirana buledi. Nditabwera kuno kudzagwira ntchito, chimene ndinkachisowa kwambiri chinali kuviika nkhope m'madzi n'kuona zamoyo zikuyendayenda pansi. Mbuna ndinaziwetapo zaka zitatu, ndipo zinkakhala bwino. Kenako tsiku lina ndinaona kanema wa kansomba kachikasu kakulowa mumchenga ngati muvi, kuphethira kamodzi kokha kazimirira, ndipo mtima wanga unatsalira pomwepo.

Nsomba zimenezi zimatchedwa wrasse. Banja lake asayansi amati Labridae, ndipo mitundu yake ndi yoposa 600. Zina n'zazing'ono ngati chala, pomwe ina, Cheilinus undulatus, imafika mamita awiri. Kunena kuti "ndikufuna wrasse" kuli ngati kufika padoko la Msaka n'kuuza msodzi kuti "ndigulitseni nsomba," osatchula ngati ndi usipa kapena kampango.

Kuweta za m'nyanja yamchere kuno si masewera. Gombe lapafupi lili ku Beira, makilomita oposa 500. Madzi ndimachita kupanga ndekha: a pamjigo ndimawasefa ndi makina a RO, ochotsa zonse zosungunuka m'madzi, kenako n'kusungunulamo mchere wapadera, pafupifupi magalamu 38 pa lita. Wakukhitchini sugwira ntchito imeneyi. Chidebe cha makilogalamu 20 chimabwera pabasi kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, ndipo chimandifikitsa miyezi inayi ndikamasintha malita 30 pa sabata. China chomwe ambiri sachiganizira n'chakuti mzinda uno uli pamtunda kwambiri, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pomwe nyanja yamchere imalekezera. Mpweya wakuno ndi wopepuka, ndiye madzi sasunga okosijeni wochuluka ngati a m'thanki ya munthu wa ku Durban. Pampu ikaima, ife nthawi imatithera msanga.

20 Epulo

Masabata awiri awa athera pa mchenga ndi chivindikiro. Nsomba sindinagule ngakhale imodzi. Ndikuyala kaye mphasa mlendo asanafike.

Pa wrasse iliyonse, funso loyamba ndi lakuti imagona kuti. Zilipo zogona mumchenga, monga za magulu a Halichoeres, Macropharyngodon, Coris ndi Anampses. Izi dzuwa likamalowa, kapena zikadzidzimuka, zimalasa mutu pansi n'kudzikwirira thupi lonse. Zina, monga Cirrhilabrus, Paracheilinus ndi Pseudocheilinus, zimagona m'timapanga ta miyala zitadzikuta ndi ntchofu yomwe zimatulutsa zokha. Ukasokoneza magulu awiriwa, wapha nsomba usanaigule n'komwe.

Mchenga womwe ndinali nawo unali wa zigoba zophwanyaphwanya, wokhakhala ngati timiyala ta kwale. Nsomba yolowa ndi mutu pamenepo imachekeka milomo, bala n'kugwira matenda. Ndauchotsa pang'onopang'ono, chigawo chimodzi pa masiku anayi aliwonse, kuopa kuvundula zinyalala zonse nthawi imodzi. Watsopano ndi wa aragonite, mchenga wa laimu wosalala ngati shuga, ndipo ndauyala masentimita 6, chala chamkombaphala chikulowa pafupifupi chonse. Kuutsuka kwake tinasinthana ndi mayi a kunyumba, ndowa khumi ndi ziwiri, koma madzi a m'thanki anachitabe mbuu masiku awiri.

Chivindikiro ndapanga ndi felemu ya aluminiyamu, yonga ya pazenera, n'kukungapo neti yoonekera ya timabowo ta mamilimita 6. Wrasse zonse n'zodumpha, palibe yosiyako. Galasi ndinalikana chifukwa limatsekera kutentha ndi mpweya, ndipo ndanena kale za mpweya wakuno. Neti ya udzudzu imatchinga kuwala komwe makorali amadalira. Kumbuyo, pomwe mapaipi amatulukira, patsala kampata kolowa zala ziwiri. Ndidzatseka.

4 Meyi

Wrasse yanga yafika. Ndinaitanitsa kudzera kwa munthu wina amene amabweretsa nsomba kuchokera ku South Africa, ndipo papepala la pulasitiki lomwe inabweramo analembapo "yellow wrasse," basi.

Sindinaiike m'thanki yaikulu. Ili m'kathanki kachipatala ka malita 60, koyang'aniramo nsomba yatsopano ngati ili ndi matenda, kopanda miyala, komwe muli zidutswa za mapaipi ndi kontena ya ayisikilimu yodzaza mchenga. Madzi omwe inabwera nawo anali pa 1.021, ndiye ndinatsitsa akachipatalako kuti afanane nawo. Ndidzakweza pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, chifukwa kukwera kwa mchere mwadzidzidzi kumavulaza nsomba kuposa kutsika.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi mimba yake. Ine ndinkadikira Halichoeres chrysus, yomwe ndi yachikasu kuyambira pamlomo mpaka kumchira, pamwamba ndi pansi pomwe. Iyi kumimba n'koyera. Poyamba ndinati yatuwa ndi ulendo, poti nsomba yotopa imasuluka. Koma patapita ola, pamsana panabwerera chikasu cha nthochi yakupsa bwino, kumimba n'kukhalabe koyera, ndipo malire a mitundu iwiriyo ndi owongoka ngati wina anachita kulemba ndi rula. Kutuwa kwa mantha sikukhala ndi malire otero. Ndinaijambula nditazimitsa nyali yabuluu n'kuyatsa yoyera, chifukwa yabuluu imanamiza maso, ndipo ndinawerenga madontho akuda: atatu pachipsepse chapamsana, limodzi patsinde la mchira. Iyi ndi Halichoeres leucoxanthus, ndipo ikadali yaing'ono kapena ndi yaikazi.

Ziwirizi n'zapachibale, zonse zimafika pafupifupi masentimita 12, koma kwawo n'kosiyana. Ya chrysus imapezeka kwambiri kumadzulo kwa nyanja ya Pacific, pomwe ya leucoxanthus ndi ya m'nyanja ya Indian, kuyambira ku Maldives, kudutsa ku Andaman mpaka ku Java. Yoyambayo anaipatsa dzina ndi John Randall mu 1981. Yachiwiriyi anaitchula ndi Randall yemweyo limodzi ndi Margaret Smith wa ku Grahamstown, ku South Africa, mu 1982. Zinandisangalatsa kuona kuti dzina la nsomba yanga linadutsa m'manja mwa mayi wa kuno kummwera kwa Africa.

Kasamalidwe ka ziwirizi n'kamodzi, choncho palibe chomwe chawonongeka. Komabe ndatolapo kanthu. Dzina lolembedwa papepala la pulasitiki ndi la malonda, ndipo lero landisokeretsa pang'ono chabe, mawa likhoza kundibweretsera nsomba yomwe nyumba ino singaikwanitse. Ndiye ndadziikira ndondomeko. Ndiyambe ndaona kasambiridwe: wrasse imapalasa ndi zipsepse za m'mbali ngati munthu wa nkhafi ziwiri, mchira n'kumangowongolera. Kenako milomo yokhuthala ndi timano takutsogolo totulukira kunja, chipsepse chapamsana chimodzi chachitali chosadukiza, madontho ndi mizere. Mtundu wa thupi ubwere pomaliza, chifukwa umasintha ndi msinkhu, ndi mantha, ndiponso ngati nsombayo ili yaimuna kapena yaikazi.

Mwana wanga wamkazi, wa giredi 4, waitcha Nthochi. Itangokwana 4 koloko masana Nthochi analowa mukontena muja, mchenga n'kutseka pamwamba pake.

9 Meyi

Masiku asanu, Nthochi sanatuluke. Chakudya chomwe ndikuponya ndikuchiwolanso ndekha ndi kapaipi. Ndayang'ana pansi, kuseri kwa kabati, ngakhale mu fyuluta. Ndikudziwa zomwe oweta nsombazi amanena, kuti Halichoeres yatsopano imatha kubisala sabata yathunthu kapena kuposa, koma kudziwa n'kwina, kuyang'ana galasi lopanda kanthu m'mawa uliwonse n'kwinanso.

Madzulo ano kunabwera atsibweni a ku Mufakose, alongo awo a mayi anga. Iwo anafika kuno dziko lino lisanalandire ufulu mu 1980, koma anakulira pabwato, ndipo mpaka lero akaona nsomba amayamba ayang'ana m'makha. Anandipeza nditapinda malaya, ndikufuna kupisa dzanja mukontena.

"Mphwanga, ukufuna kutani?"

"Ndingofuna ndione ngati ili moyo, atsibweni."

"Madziwo akununkha?"

"Ayi."

"Wawayeza?"

Ndinali nditayeza. Amoniya, poizoni wochokera ku zinthu zowola m'madzi, anali pa ziro. M'malita 60 nsomba yakufa siingabisike masiku asanu madzi osasintha.

"Ndiye chotsa dzanjalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chabisala chifukwa chikuopa, iwe ukachifukula uchiphunzitsa kuti ngakhale pobisalapo si pabwino."

Ananena zoona. Mchenga ndi malo okhawo omwe nsomba imeneyi imawakhulupirira m'dziko lachilendo. Ndinatsitsa malaya, tinamwa tiyi.

12 Meyi

Watuluka. Ndinadzuka cha m'ma 2 koloko usiku kukamwa madzi, ndipo ndinamupeza akuzungulira mumdima, akujompha pagalasi. Ndinasungunula tizilombo ta m'madzi totchedwa mysis tochepa, anadya tonse. Pofika 9 koloko m'mawa anali atalowanso. Ndiye kuti mwina wakhala akutuluka masiku onsewa ife tili m'tulo. Kumene anachokera dzuwa limatuluka kuno kukadali usiku, ndipo thupi lake likutsatabe nthawi yakwawo. Nyali ndaziika pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse kuti azolowere yekha.

Ndinawaimbira atsibweni kuwauza. Pocheza ndinawafotokozera kuti wrasse ili ndi nsagwada zina kukhosi zophwanyira tinkhono ndi tinkhanu. Anaseka n'kunena kuti, "Nanga chambo? Sunakumanepo ndi kafupa kokhakhala kaja ukamadya mutu?" Inde, chambo, mbuna ndi utaka zilinso ndi nsagwada zakukhosi, mwakuti kwa zaka zambiri asayansi ankaika mabanja awiriwa m'gulu limodzi lotchedwa Labroidei. Kafukufuku wa DNA anadzaonetsa kuti si apachibale chapafupi, aliyense anapeza chida chimenechi payekha. Ine ndinaziwerenga m'buku, atsibweni anazidziwira pambale.

1 Juni

Masabata anayi akwana. Ndinamupatsa praziquantel kawiri, motalikirana sabata, wa tinyongolotsi ta m'makha ndi m'mimba. Mankhwala a kopa sindinathire: timadontho toyera ta matenda sitinaoneke, wrasse sizipirira kopa bwino, komanso mchenga wa aragonite umamuyamwa mlingo n'kusokonekera. Ndamusamutsa usiku ndi kontena yake yomwe, ali mkati. M'mawa anatuluka yekha m'thanki yaikulu n'kuyamba kufufuza mwala uliwonse, diso lililonse likuyang'ana kwake. Clownfish sizinamulabade.

23 Juni

Usiku wa Lachisanu unali wovuta. Magetsi anazima 8 koloko madzulo, ndipo kunja kunazizira mpaka udzu kuchita mbuu m'mawa. Inveta yanga siingakoke hita ya mawati 300 usiku wonse, choncho ndinayenera kusankha. Ndinasankha mpweya. Ndinasiya pampu imodzi yovundula pamwamba pa madzi ndi kapampu ka thovu, zina zonse n'kuzimitsa. Nsomba imapirira kuzizira kobwera pang'onopang'ono, koma kusowa okosijeni kumaipha m'maola ochepa, makamaka pamtunda ngati pano.

Thanki tinaifunditsa mabulangete awiri. Pofika 1 koloko inali yatsika kufika madigiri 23. Mayi a kunyumba anadzuka osawadzutsa, n'kuyatsa gasi.

"Bambo, bweretsani mabotolo aja a malita awiri, tithiremo madzi otentha."

Tinkawatseka kwambiri n'kuwayandamitsa m'thanki, anayi nthawi imodzi, kusintha pa ola lililonse. Sitinalankhule zambiri. Kutentha kunaima pa 22.5 mpaka magetsi anabwera 5 koloko. Ndinalola hita ikweze yokha, tsiku lonse, osaithamangitsa.

Nthochi sanatuluke Loweruka lonse. Lamulungu m'mawa anatuluka, anadya. Korali mmodzi wofewa wakhala wofota masiku awiri koma wayamba kutambasuka. Ndamata kaylite, pulasitiki yoyera yopepuka yosunga kutentha, kumbuyo ndi m'mbali mwa thanki, ndawonjezeranso batire lachiwiri. Ndalama yomwe ndinasungira nsomba ina yapita kumeneko, ndipo sindikudandaula.

13 Julayi

Titaweruka kutchalitchi, mnzanga wina wa kumpingo amene anayamba thanki yake ataona yanga anandikokera pambali. "Achimwene, tiyeni mukaone. Nkhono zanga zikutha, m'mawa ndikungopeza zigoba."

Wakuba wake sanavute kumupeza. Kansomba ka masentimita 7, kofiirira ngati lalanje lakupsa, kokhala ndi zigamba zoyera pamsana, chigamba chilichonse chozunguliridwa ndi mzere wakuda. Kokongola zedi, moti aliyense angakagule. Anamugulitsa ndi dzina loti "clown wrasse," n'kumuuza kuti kakhala bwino ndi makorali. Kameneka ndi kamwana ka Coris. Mitundu itatu ili ndi ana ofanana chonchi: Coris gaimard ya ku Pacific, Coris cuvieri ndi Coris formosa za m'nyanja ya Indian. Ziwiri zoyambazo zimayandikira masentimita 40, ya formosa imafika 60. Zikamakula zigamba zija zimatha, mtundu wonse umasintha, ndipo zimayamba kugubuduza miyala ndi makorali pofuna nkhono ndi nkhanu zobisala pansi. Thanki ya mnzangayo ndi ya malita 200. Chikomekome cha mkuyu.

Zinandipweteka kumuuza, chifukwa ana ake anali atakatcha kale dzina. Koma tapeza munthu wa ku Borrowdale amene ali ndi thanki yaikulu ya nsomba zokhazokha, ndipo wavomera kukatenga.

Anandifunsanso za Labroides dimidiatus, kansomba kotsuka zinzake, kamene kali ndi mzere wakuda wochokera pamlomo, kudutsa padiso, n'kumakula mpaka kumchira. Ndinamuuza maganizo anga mosabisa: kasiyeni kunyanja. Kumeneko kamakhala pamalo amodzi, nsomba zikuluzikulu n'kumabwera kudzaima kuti kazichotse tizilombo pakhungu, m'makha, ngakhale mkamwa. Alexandra Grutter anachita kafukufuku wa zaka zambiri ku Lizard Island ku Australia, ndipo pa matanthwe pomwe ankachotsapo tinsombati, nsomba zina zinachepa ndipo zinkakula mopinimbira. Mu 2019 Masanori Kohda ndi anzake ku Osaka anafalitsa zoti kansombaka kakaona chizindikiro pakhosi pake pagalasi loonera, kamapita kukadzikhula pansi kuti kachichotse. Cholengedwa chotere, chozolowera kutumikira khamu, kuchitsekera ndi nsomba zinayi n'kuchilakwira. Chimazunza zinzakezo pozitsuka kosalekeza, ndipo nthawi zambiri chimawonda mpaka kufa. Palinso chinyengo: nsomba ya gulu la Aspidontus, yomwe si wrasse n'komwe, imavala mzere womwewo kuti iyandikire zinzake n'kuziluma zipsepse. Poisiyanitsa yang'anani pakamwa. Pa yotsuka yeniyeni kamwa lili kunsonga kwa mutu, pa yonyengayo lili chapansi.

17 Ogasiti

Alendo awiri atsopano alowa m'thanki yaikulu atatha masabata anayi kuchipatala. Ndi Paracheilinus mccoskeri, yaimuna ndi yaikazi. Ulendo uno ndinapempha chithunzi ndisanalipire. Yaimuna ili ndi thupi la mtundu wa lalanje, timizere tabuluu, ndipo pachipsepse chapamsana pali kansonga kamodzi katali ngati ulusi. Kamodzi kokha. Mnzake wofanana naye, Paracheilinus carpenteri wa cha ku Philippines, amakhala ndi tiwiri mpaka tinayi. Mtundu wangawu unapatsidwa dzina mu 1977 kuchokera ku nsomba za ku Comoros, zilumba zomwe zili pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Yaikazi ndi yaing'ono, yofiirira, yopanda kansonga.

Masiku awiri oyamba zinali m'kabokosi koonekera kobowolabowola, kopachikidwa mkati mwa thanki, kuti Nthochi aziona osazikhudza. Anabwera, anazungulira, anatopa nazo. Nditatsegula panalibe ndewu. Izi sizifufuza m'miyala ngati Nthochi, zimadya tizakudya toyandama pakati pa madzi, ndipo mimba zake n'zazing'ono. Ndiye ndikudyetsa katatu pa tsiku, pang'onopang'ono. Chamasana akuponya ndi mwana akachoka kusukulu, ndimamuyezeratu m'kachivindikiro ka botolo.

Nyali zikamayamba kuchepa mphamvu madzulo, yaimuna imatambasula zipsepse zonse nthawi imodzi, mizere yabuluu ija n'kuyaka, kenako imathamanga kuzungulira yaikazi ngati mphezi. Zimatenga masekondi atatu kapena anayi. Tonse m'nyumba timasiya zomwe tikuchita. Zimandikumbutsa utaka wamphongo ukamavina pamwamba pa chisa chake chamchenga, koma uwu ndi moto weniweni.

Usiku ndinakulunga tochi ndi kapepala kofiira ka switi n'kuunika m'miyala. Yaimuna inali m'kaphanga, itakutidwa ndi ntchofu yopyapyala ngati ukonde wa kangaude wogwa mame. M'mawa ntchofuyo inali ikuyandama, madzi akuitenga.

2 Sepitembala

Yaikazi yafa.

Magetsi anazima madzulo n'kubwera 3 koloko usiku. Kawotchi koyatsa nyali kanali kataiwala nthawi, ndiye nyali zonse zinayaka mwamphamvu pakati pa mdima. Nsomba inadzidzimuka. M'mawa ndinawerenga nsomba zanga kawiri, katatu, kenako ndinasuzumira kuseri kwa kabati. Inali pansi, itauma, fumbi litamatirira pazipsepse.

Inatulukira pakampata ka zala ziwiri kaja. Ndinalemba ndekha pa 20 Epulo kuti ndidzatseka, ndipo miyezi inayi yadutsa ndikukaona tsiku lililonse. Nsomba imeneyi inagwidwa pamatanthwe akutali, inakwera ndege, inadutsa malire, inapirira masabata anayi kuchipatala, n'kudzafera pa simenti chifukwa cha ntchito ya mphindi zisanu yomwe sindinaigwire. Mwana analira. Anati, "Ababa, tisaitaye m'bini," ndipo tinaikwirira pansi pa mtengo wa mapeyala.

Mpatawo ndautseka ndi siponji yolimba ndi timalamba ta pulasitiki, ndayendetsa chala kuzungulira felemu yonse. Kawotchi ndagula kena kosunga nthawi ndi batire. Yaimuna yabisala tsiku lonse, yadya pang'ono madzulo.

5 Okutobala

Majakaranda achita maluwa m'misewu, ndipo kutentha kwafika. Madzi anakwera kufika madigiri 28 Lachitatu masana. Kaylite wa m'mbali ndamuchotsa, ndaika kafani kouzira pamwamba pa neti, ndipo akuima pa 26. Mtengo wake ndi madzi: akuuma malita anayi kapena asanu pa tsiku. Obwezeramo ayenera kukhala a RO opanda mchere, poti chouma ndi madzi okha, mchere umatsala. Ndikuthira kawiri, m'mawa ndi madzulo, kutsata kamzere komwe ndinalemba pakathanki kapansi.

Pa makorali onga bowa paoneka tinyongolotsi tafulati tofiirira. Anthu atatu andiuza kuti ndigule Pseudocheilinus hexataenia. N'kansomba kosavuta kukadziwa: mizere isanu ndi umodzi ya lalanje pathupi lapepo, diso lofiira lodutsidwa ndi timizere tiwiri toyera, mchira wobiriwira wokhala ndi kadontho kakuda patsinde. N'kolimba, n'kotchipa, ndipo tinyongolotsi kamadyadi. Koma kakakhazikika kamasanduka mwini mudzi, kamathamangitsa wrasse zofatsa mpaka zisiye kudya kapena zidumphe. Yaimuna yanga yavutika kale mokwanira. Ndakana. Tinyongolotsito ndikutiyamwa ndi kapaipi kakang'ono posintha madzi, ndipo ndamuona Nthochi akutijompha.

9 Novembala

Mvula yoyamba yagwa Lachinayi, kwazizirako, kafani kapuma.

Nkhani ya mwezi uno ndi Nthochi. Ndinaika chithunzi cha pa 4 Meyi pambali pa cha dzulo. Wakula kuchoka pa masentimita 6 kufika pafupifupi 9. Dontho la patsinde la mchira latsala ngati mthunzi, lakumbuyo pachipsepse chapamsana likufufutika, lakutsogolo likadali bii. Pamasaya payamba kuoneka timizere tomwe kale panalibe. Akusanduka wamwamuna. Umu ndi momwe wrasse zambiri zimakhalira: zimayamba zili zazikazi, ndipo pagulu pakasowa yaimuna, yaikazi yaikulu imasintha thupi, mtundu ndi khalidwe. M'thanki muno palibe Halichoeres ina yomuletsa. Clownfish za pakona paja zimayenda njira yotembenuza: zimayamba zili zazimuna, yaikulu n'kusanduka yaikazi. Zonse ziwiri zikuchitika m'galasi limodzi pabalaza panga.

Atsibweni anabwera Loweruka, ndinawaonetsa zithunzizo. Anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakokera mpando pafupi ndi thanki. Anakhala pomwepo mpaka nsima inapsa, ndipo anapempha kuti awabweretsere pompo.

Yaimuna ya mccoskeri yayambanso kutambasula zipsepse madzulo, tsopano imavinira chithunzithunzi chake pagalasi lam'mbali. Ndikufuna kuipezera zazikazi ziwiri, koma ndidikira nyengo ya zikondwerero ithe, chifukwa katundu amachedwa pamalire mu Disembala ndipo nsomba siingadikire m'thumba. Mtima ukulakalakanso Macropharyngodon bipartitus, ya mawangamawanga ngati kambuku, yomwe imapezeka m'gombe la Mozambique momwemu. Imeneyo imadalira tizilombo ting'onoting'ono ta copepod ta m'miyala ndi mumchenga, ndipo yambiri imafa ndi njala m'mathanki atsopano. Ndayamba kuweta tizilomboto m'kathanki kapansi, mu ndere ya chaeto, ndi kanyali kake koyaka usiku. Ndikaunika ndi tochi ndikuona tikuyenda pagalasi, koma sitinachuluke moti n'kudyetsa pakamwa pawiri. Ndiyang'ananso mu Malichi.

Mchere 1.025, kutentha 25.5, amoniya ziro. M'chidebe mwatsala wa masabata atatu, alamu anga akunyamuka ku Johannesburg Lachinayi ndi china. Mwana watenga kope lake lakale la masamu n'kuyamba kulemba nthawi yomwe Nthochi amalowa mumchenga. Nyali zimazima 8 koloko. Sabata ino walemba 7:41, 7:38, 7:44, 7:40, ndipo malo ake ndi amodzimodzi, kutsogolo kwa mwala wakumanja. Pano ili 7:30, ndipo akundiitana kuti ndibwere ndi pensulo.